Tikuphunzira doo-wop koma zikumveka ngati nyimbo za pamaliro, tikulakwitsa pati?

Tena_wa_Zingwangwa
Abale, ndithandizeni nzeru. Tilipo anyamata asanu, tonse tinakulira m'kwaya ya kutchalitchi. Kwa miyezi inayi tsopano takhala tikukumana Lachiwiri ndi Loweruka madzulo kuphunzira doo-wop, kaimbidwe kaja ka magulu a ku America a m'ma 1950 ngati The Platters ndi The Flamingos. Chinatikopa n'chakuti sikalira zida, pakamwa pokha basi. Manotsi tikuwapeza bwinobwino, palibe amene akuimba disikodi, koma tikajambula pa foni n'kumvetsera, nyimbo ikutuluka yolemera ndi yokoka. Dzulo mayi anga anatimva ali kukhitchini ndipo anafunsa ngati tikukonzekera zokaimba pamaliro. Zandikhudza chifukwa khama tikuchita ndithu. Amene munayesapo, tikulakwitsa pati?

Besi_Ndirande
Mumaima bwanji poimba? Ndipo amamveka kwambiri ndani pa asanunu?

Tena_wa_Zingwangwa
Timaima pamzere monga kukwaya. Za kumveka, aliyense amatulutsa mawu ake onse.

Besi_Ndirande
Ndiye vuto lagona pomwepo, achimwene. Kutchalitchi timaima kuyang'ana anthu, aliyense amafuna amveke mpaka kubenchi yakumbuyo, ndipo tonse timatchula mawu omwewo nthawi imodzi. Doo-wop siyenda choncho. Mwini nyimbo ndi mmodzi, enanu ndinu othirira mang'ombe. Mwini nyimboyo ndiye akunena nkhani, akudandaula za mtsikana amene wamusiya, ndipo ali ndi ufulu wochedwako pang'ono kapena kuthamangako. Atatu apakati aja, tena woyamba, tena wachiwiri ndi baritone, ntchito yawo ndi kumuyalira mphasa ndi "uuu", "aaa" kapena "du-wa", motsitsa, ndi theka la mphamvu zawo. Besi ndiye ng'oma.

Loweruka yesani izi. Imani mozungulira, mapewa akhudzane, mitu iyandikane moti muzimva mpweya wa mnzanu. Foni muiike pampando pakati panu. Ngati simukumumva mnzanu wakudzanja lamanja, dziwani kuti inuyo ndi amene mukukuwa. Ife tinatha masabata atatu tikungophunzira kutsitsa mawu, ndipo wovuta kwambiri ndinali ineyo, chifukwa kukwaya besi amatamandidwa akagwedeza mawindo.

MphunzitsiWaSolfa
A Besi anena zoona, koma ndionjezere maziko. Nyimbo zambiri za mtundu umenewu zimazungulira pa ma chord anayi okha (chord ndi manotsi angapo olira pamodzi). Pa kiyibodi mu kiyi ya C ndi C, A minor, F, G, kenaka kubwereranso pa C. Kwa ife a solfa, besi amayenda d, l, f, s. Atatu apakati ndimawapatsa motere: wina s l l s, wina m m f r, wina d d d t. Onani kuti palibe amene akudumpha patali, aliyense akungosuntha phazi limodzi kapena awiri, kapena kuima pomwepo. N'chifukwa chake zimamveka zosalala. Lembani zimenezi pa bolodi, muziimbe pang'onopang'ono kakhumi, kenaka muchotse mayina a manotsi muikemo "uuu". Popanda kulemba mudzangokanganapo kuti wasochera ndani.

KhutuLokha
Aphunzitsi, mwaulemu, bolodi ndi imene yawafikitsa pamaliropo. Ana amene anayambitsa kaimbidwe kameneka ku Harlem, ku Baltimore, ku Philadelphia ndi ku Chicago ankaimbira pamphambano za misewu, pa masitepe a nyumba ndi m'makonde a sukulu. Ambiri sankawerenga manotsi. Frankie Lymon anali ndi zaka 13 pamene The Teenagers anatchuka mu 1956. Mukuganiza anali ndi choko m'manja? Ankamva nyimbo pa wailesi, mmodzi n'kuyamba, enawo n'kufufuza malo awo ndi khutu mpaka zitakhala.

MphunzitsiWaSolfa
Khutu limenelo analitenga kuti? Ambiri a iwo anakulira m'makwaya a kutchalitchi ngati anyamata athuwa. Clyde McPhatter, amene anayambitsa The Drifters mu 1953, anali mwana wa mlaliki ndipo anayamba ndi nyimbo zauzimu. Atsikana a The Chantels anaphunzira kuimba pa sukulu ya Katolika ya St. Anthony of Padua ku Bronx, nyimbo za Chilatini zenizeni. Tchalitchi sichinawaononge, chinawakonza. Ine sindikuti aziimba akuyang'ana pepala pamaso pa anthu. Ndikuti adziwe chimene akuchita.

KhutuLokha
Adziwe, inde. Koma munthu wophunzira ndi maso amadikira kuuzidwa noti. Wophunzira ndi khutu akasochera amadzipezera yekha njira nyimbo isanathe. Kusiyana kwake n'kumeneko.

NaBanda_Leicester
Inu awiri mukukangana za manotsi pomwe mwini funso wanena kale kuti manotsi akuwapeza. Ine ndikuganiza kuti chikuwapha ndi kagundidwe. Nyimbo za m'buku timaziwerenga 1, 2, 3, 4, mowongoka ngati asilikali pa perete. Nyimbo zodekha za doo-wop, kugunda kulikonse kumagawika patatu: 1-2-3, 2-2-3, 3-2-3, 4-2-3. Mvetserani piyano ya mu "Earth Angel" ya The Penguins, mudzamva ikugogoda patatupatatu osalekeza. Ndiye ngakhale nyimbo ikuyenda pang'onopang'ono, mkati mwake muli kuyendayenda. Mukachotsa zimenezo mumatsala ndi nyimbo yokoka. Chinanso, muziliza zala pa 2 ndi pa 4, osati pa 1 ndi 3. Zimaoneka zazing'ono koma thupi lonse limasintha kaimidwe.

Komanso kugunda kwa patatu si kwachilendo kwa ife. Kuli m'magule athu ambiri. Mukangosiya kuganiza za buku la nyimbo n'kukumbukira mmene amayi amaombera m'manja pabwalo, mupeza kuti mukukudziwa kale.

Ndifunseko, a Tena, bwanji muli amuna okhaokha? The Platters amene mwawatchulawo anali ndi Zola Taylor.

Tena_wa_Zingwangwa
Mayi NaBanda, za zala pa 2 ndi 4 ndayesa pompano ndili pa minibasi, zandivuta kuposa mmene ndimaganizira. Dzanja likungobwerera pa 1. Za atsikana palibe lamulo, tinangoyamba ife amene timakhala moyandikana.

Mdzukulu_wa_Mtchona
Nkhaniyi yandikumbutsa agogo anga aamuna. Anapita ku Joni pa Wenela ali mnyamata ndipo pobwera anabweretsa galamafoni yopukusa ndi zimbale zingapo zolemera, zija zimasweka zikagwa. Pamene ine ndinkakula galamafoniyo inali itafa kale, koma zimbalezo ankazisunga m'sutikesi atazikulunga ndi nsalu ya agogo aakazi. Zina zinali za The Manhattan Brothers. Madzulo akakhala pakhonde ankatiitana ana atatu, wina kumupatsa "bom bom", wina kumupatsa kamawu kapamwamba, iwo n'kumatsogolera. Sankadziwa dzina loti doo-wop. Ankangoti kaimbidwe ka ku Joni. Nditakula m'pamene ndinadziwa kuti Manhattan Brothers ankatengera The Mills Brothers ndi The Ink Spots a ku America, omwenso anyamata a doo-wop ankawatengera. Ndiye tinganene kuti ndi ana a bambo mmodzi obadwira m'midzi yosiyana. Miriam Makeba naye anatchukira m'gulu lomwelo m'ma 1950 asanapite ku The Skylarks.

Hillbrow_Malume
Zoona zimenezo. Ndipo njira inali ya uku ndi uku. "Mbube" ya Solomon Linda ndi The Evening Birds inajambulidwa kuno ku Johannesburg mu 1939. Inawoloka nyanja, ndipo mu 1961 gulu la ku Brooklyn lotchedwa The Tokens linaisandutsa "The Lion Sleeps Tonight", n'kufika pa nambala 1 ku America. Linda anamwalira mu 1962 ali wosauka. Ana ake anadzapeza kenakake mu 2006, mlandu utakambidwa. Ndikaimva nyimbo imeneyo m'sitolo mtima umandiwawa.

KhutuLokha
Si Linda yekha. "Sh-Boom" anaimba ndi The Chords, anyamata akuda a ku Bronx, mu 1954. Chaka chomwecho azungu a ku Canada, The Crew-Cuts, anaibwereza ndipo yawoyo ndi imene inafika pamwamba penipeni. Anyamata ambiri a nthawi imeneyo ankasaina mapepala osawawerenga, mayina a eni makampani n'kulembedwa ngati opeka nawo nyimbo. Lymon uja anamwalira mu 1968 ali ndi zaka 25 zokha.

Hillbrow_Malume
A Tena, mukadzayamba kupeka zanu, kalembetseni ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo ku Malawi, musanapatse munthu aliyense. Ndi langizo la malume limenelo.

Besi_Ndirande
Akuluakulu, anyamatawa sanathe n'komwe kuimba vesi imodzi mosakoka, ife tafika kale kukhoti. Tibwerere.

A Tena, muuzeni besi wanu awerenge izi. Besi wa kukwaya amagwira noti n'kuikoka mpaka mpweya utatha. Besi wa doo-wop amadula. "Bom" aliyense akhale ndi poyambira pomveka ndi pothera pomveka, ngati chala chikukoka nsambo ya babatoni n'kuisiya. Milomo itsekeke msanga pa "m", kulira kutsalire m'mphuno ndi pachifuwa. Akamvetsere chiyambi cha "Blue Moon" ya The Marcels ya 1961, amve mmene Fred Johnson akudumphira. Liwiro lake asalitengere msanga, angomva kudulako. Akamvenso Jimmy Ricks wa The Ravens, amene ankatsogolera nyimbo ndi besi yeniyeniyo. Ndipo asakakamize kutsika. Noti imene amaipeza m'mawa akangodzuka koma madzulo n'kuisowa si yake. Kwezani kiyi pang'ono. Besi womveka bwino pa noti yapakati amaposa wongofwenthera pansi pomwe palibe akumumva.

Chipata_Baritone
Ba Tena, ine ndilankhulireko munthu amene aliyense amamuiwala. Baritone. Tena woyamba ali pamwamba, amamveka. Besi ali pansi, amamveka. Mwini nyimbo aliyense akumuyang'ana. Baritone amatenga noti yotsala, ndipo mzere wake ukauimba pawekha sumveka ngati nyimbo n'komwe. Chimene chimachitika n'chakuti pakati pa vesi khutu lake limakopeka ndi mwini nyimbo, amayamba kumutsatira osadziwa, chord n'kutsala ndi bowo. Simumva disikodi ayi, mumangomva kuti nyimbo yaonda. Kwathu tinachita motere: mwini nyimbo akhale chete, anayi otsalawo aimbe okha nyimbo yonse kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Ikakoma popanda mwini wake, ndiye mwakonzeka. Kenaka iye alowe monong'ona, n'kumakweza pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku.

MphunzitsiWaSolfa
Apa ndiye pamene solfa imathandiza baritone. Akadziwa kuti noti yake ndi d d d t sangakopeke.

KhutuLokha
Amakopekabe, aphunzitsi. Ndawaona odziwa solfa akukopeka.

NaBanda_Leicester
Chinanso chimene sitinatchule ndi zilembo za pakamwa. Anthu atatu akhoza kukhala pa manotsi olondola, koma wina akuti "uuu" milomo ili yosongoka, wina akuti "ooo", wina kukamwa kuli yasa. Sizingalumikizane. Muziyang'anana pakamwa, ndiye ubwino wina woima mozungulira umenewo. The Moonglows a Harvey Fuqua anali ndi kachitidwe kawo kotchedwa blow harmony, kuyamba noti ndi kampweya ngati mukuuzira phala la mwana, "huu". Mukayamba nonse ndi kampweya kameneko, mawu amalowa mofewa ndipo palibe amene amatulukira pamwamba pa anzake. Marvin Gaye anadutsa m'manja mwa Fuqua yemweyo asanapite ku kampani yojambula nyimbo ya Motown.

Hillbrow_Malume
Mumaphunzirira kuti, a Tena?

Tena_wa_Zingwangwa
Panja, pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba yathu. M'nyumba muli ana ndi TV.

Hillbrow_Malume
Pezani malo a makoma. Panja mawu amangouluka, simudzimva, ndiye aliyense amakweza. Anyamata a ku New York ankafunafuna masitepe, zimbudzi za pasukulu zokhala ndi matailosi, ndi njira za pansi pa nthaka za sitima, chifukwa makoma amabweza mawu n'kuwasakaniza. "In the Still of the Night" ya The Five Satins inajambulidwa mu 1956 m'chipinda chapansi cha tchalitchi cha St. Bernadette ku New Haven. "Earth Angel" ija inajambulidwa m'galaja ku Los Angeles. Sanali malo apamwamba.

Ine kuno ndimakhala m'nyumba yosanja, ndipo Lamlungu masana timakumana anayi pa masitepe pakati pa nsanjika yachisanu ndi yachisanu n'chimodzi, awiri a ku Malawi, wina wa ku Bulawayo, wina wa ku Tete. Pamanunkha parafini ndi sopo, magetsi ake anafa kalekale. Koma tsiku loyamba titagwira chord yomaliza n'kusiya, inapitirira kulira yokha kutsika masitepe onse. Tinangoyang'anana osalankhula. Mayi wina anatsegula chitseko chapansi n'kutiuza kuti tibwerezenso. Kwanuko funani nyumba yosatha kumanga imene yaikidwa pulasitala ndi malata koma mulibe katundu, kapena kalasi ya pasukulu ana akaweruka. Pemphani kwa eni ake.

Mdzukulu_wa_Mtchona
Funso langa ndi lina. Mukuimba m'Chingerezi kapena m'Chichewa?

Tena_wa_Zingwangwa
Panopa m'Chingerezi, tikutengera zimbale. Koma cholinga chathu n'kupeka zathu m'Chichewa, zokaimba pa zinkhoswe ndi maukwati.

KhutuLokha
M'Chichewa sizikhala. Kaimbidwe kameneka kanabadwira m'Chingerezi cha anthu akuda a ku America, kakokedwe ka mawu n'kawo. Mukaikamo Chichewa mubwerera kukwaya komwe mukuthawako.

Mdzukulu_wa_Mtchona
Apa ndiye ndakana. Manhattan Brothers ankaimba m'Chizulu, m'Chixhosa ndi m'Chisotho, ndipo zinkakhala. Chichewa chili ndi mwayi wina, mawu athu onse amathera pa a, e, i, o, u, ndiye pokoka noti pakamwa pamakhala potseguka kale. Pamene pamafunika kusamala ndi pa katchulidwe. Ife timakoka mphatikizo wachiwiri kuchokera kumapeto, timati "chikoondi", osati "chikondii". Mukatenga nyimbo ya Chingerezi n'kungosintha mawu, noti yaitali imagwera pamalo polakwika ndipo zimamveka ngati mlendo akuphunzira chinenero. Yambani ndi mawu, muwalankhule mokweza kangapo, nyimbo itsatire mmene pakamwa pakuyendera. Ma chord anayi aja adzakulandirani.

Chipata_Baritone
Ndipo "du-wa" m'chinenero chathu ndi duwa lenileni. Ife tinapeka ina yoti oyankha azingoti "duwa, duwa langa" kumbuyo kwa mwini nyimbo. Pa ukwati azimayi analulutira vesi isanathe.

KhutuLokha
Chabwino, imeneyo ndaivomera. Koma ndikufuna ndiimve kaye ndisanagonje kwathunthu.

NaBanda_Leicester
Mukamapeka, tengeraninso nzeru ya The Ink Spots. Bill Kenny ankaimba pamwamba ndi mawu a nthetemya, kenaka pakati pa nyimbo Hoppy Jones ankabwereza mawu omwewo mongolankhula ndi besi, enawo akung'ung'udza kumbuyo. Tangoganizani zimenezo pa chinkhoswe, besi akulankhula kwa mkwatibwi m'Chichewa chodekha ngati nkhoswe ikupereka malangizo. Anthu adzakhala chete.

MphunzitsiWaSolfa
Ndichenjezeko za tena woyamba, chifukwa ndi amene amavulala. Kamawu kapamwamba kaja kamayandama pamwamba pa gulu, monga mumamvera kwa The Flamingos, ndi falsetto. Si mawu a pachifuwa okankhidwa ndi mphamvu. Mnyamata wina amene ndinkamuphunzitsa ankafuna kufika pamenepo mokuwa, mitsempha ya pakhosi ili tolotolo, ndipo anasasa mawu mwezi wathunthu. Muuzeni ayambe ndi kulira ngati kadzidzi, "huu", kuchokera pamwamba kutsika, motsitsa kwambiri. Nsagwada zikhale zomasuka, mapewa asakwere, mpweya uchokere m'mimba. Pakhosi pakayamba kuwawa kapena kukanda, aleke tsiku limenelo. Madzi akhale pafupi. Mphindi khumi zotenthetsa mawu musanayambe si kutaya nthawi.

Besi_Ndirande
Pamenepa ine ndi aphunzitsi tagwirizana. Komanso musaphunzire nyimbo zisanu nthawi imodzi. Imodzi, mpaka muziimba mutatsinzina.

Tena_wa_Zingwangwa
Ndabwera kudzapereka lipoti la Loweruka. Tinapempha kalasi pa sukulu ya pulayimale ya kufupi ndi kwathu, ahedi anatilola ola limodzi ndi theka. Tinaima mozungulira, foni pa desiki pakati. Poyamba zinali zomangika, sitinazolowere kuyang'anana pafupi chonchi. Tinachita za a Chipata, ine ndinakhala chete, anayiwo n'kuimba okha. Sitinafike n'komwe pa kolasi, zinaonekeratu kuti baritone wathu wakhala akunditsatira ine miyezi yonseyi. Iye mwini sankadziwa. Tinamulembera manotsi ake pa bolodi monga ananenera aphunzitsi, atawagwira tinafufuta. Besi tamukwezera kiyi kuchoka pa C kufika pa D ndipo tsopano akumveka.

Chakumapeto tinaimba vesi imodzi motsitsa kwambiri, ndipo pa chord yomaliza ndinamva ngati pali munthu wachisanu ndi chimodzi akuimba pamwamba pathu. Ndinacheuka kuyang'ana pakhomo, panalibe munthu. Kodi chimenechi n'chiyani?

Zala pa 2 ndi 4 zikutivutabe. Awiri akutha, atatu tikubwerera pa 1 tikangoyamba kutchula mawu.

MphunzitsiWaSolfa
Munthu wachisanu ndi chimodziyo ndi overtone. Noti iliyonse ili ndi tinoti tina tobisika pamwamba pake, ndipo mawu anu akalondola ndendende, pakamwa panu pakafanananso, tinoti timeneto timaunjikana mpaka kumveka patokha. Oimba barbershop, kaimbidwe kena ka ku America ka mawu anayi popanda zida, amaisakasaka dala imeneyo. Simungaikakamize ndi mphamvu.

KhutuLokha
Ndipo siilembeka pa bolodi.

NaBanda_Leicester
Za zalazo, siyani kaye kuimba. Yendani mozungulira kalasiyo, phazi lamanzere pa 1 ndi 3, lamanja pa 2 ndi 4, chala chizilira limodzi ndi phazi lamanja. Mukazolowera onjezerani "uuu" mukuyendabe, mawu a nyimbo abwere pomaliza. Lachiwiri mujambule vesi yomweyo mutiikire pano, ndikufuna ndimve baritone wanuyo ali pamalo pake.